Za Manta, Nsomba Yaikulu Imene Idya Chakudya cha Usipa

Mwezi uno tikutengerani kutali ndi mapiri athu a Soche ndi Ndirande, kunka ku nyanja ya mchere, ndipo chimene chatiyambitsa ulendowu ndicho chithunzi chimodzi. Bambo wina wa kuno ku Chinyonga, amene agwira ntchito pa mabwato a alendo kugombe la kumwera kwa Durban m'dziko la South Africa, anatumizira ana ake chithunzi pa foni. M'chithunzimo munali chinthu chakuda, chophwatalala ngati mphasa yoyalidwa pamadzi, chokhala nawo mapiko awiri ndi zonga nyanga ziwiri kumutu. Ndipo chapansi pake panaoneka munthu wosambira, wochepa ngati mwana woima m'khonde la nyumba. Anawo anatsutsana madzulo onse. Wamkulu anati ndi mleme wa m'madzi, wamng'ono anati ndi chilombo chomeza anthu, koma amayi awo anaseka nati, "Bambo anu akukunamizani, nsomba yotere kulibe." M'mawa mwake anawo anabwera nacho kwa ife, natifunsa mafunso awiri: kodi chinthuchi chiliko ndithu, nanga chidya chiyani kuti chikule chotero?

Chiliko ndithu, ndipo dzina lake ndi manta. Koma funso lachiwirilo ndilo latikondweretsa koposa, pakuti yankho lake muliona tsiku ndi tsiku pa msika wa Limbe, m'madengu a amayi ogulitsa usipa. Nsomba iyi, imene kutambasuka kwake kufanana ndi anthu awiri ogonekedwa motsatana, idya chakudya chonga chomwe usipa udya m'nyanja yathu, ndicho tizilombo ta m'madzi tating'onoting'ono, tambiri tochepa kuposa njere ya mpunga. Ndipo mayendedwe ake onse, malo amene ipezeka, nyengo imene ioneka, ngakhale tsoka limene laigwera m'zaka zino, zonsezi zichokera pa chakudyacho.

Dzina lake ndi maonekedwe ake

Mawu akuti manta ndi a Chisipanishi, ndipo atanthauza gombeza kapena chofunda. Mukaiona itatambasula mapiko ake mudzavomereza kuti oitcha dzinali sanalakwe. Amalinyero akale anaiopa chifukwa cha nyanga zija, naitcha nsomba ya mdierekezi, komatu anangoinamizira. Ilibe ululu. Ilibe mbola kumchira monga abale ake ena ogona pamchenga pansi pa nyanja. Mano ake ndi timano tonga mchenga pa nsagwada ya m'munsi yokha, tosatafuna kanthu. Ndi mbale wa shaki, kotero m'thupi mwake mulibe minga kapena mafupa olimba monga a chambo, koma mafupa ofewa onga amene muwamva mukapinda khutu lanu. Nyanga zijanso si nyanga konse, koma zipsepse ziwiri zimene izikulunga poyenda ndi kuzitambasula pakudya.

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira anayesa kuti manta zonse ndi mtundu umodzi. Amene anaonetsa kuti sizili tero anagwira ntchito yake pa gombe la anansi athu a ku Mozambique. Mayi wina wa ku America, Andrea Marshall, anafika mu 2003 pa mudzi wa Tofo, pafupi ndi mzinda wa Inhambane, makilomita ngati 900 kumwera kwa Blantyre mukalunjika monga iulukira mbalame. Pomira m'madzi a kumeneko chaka ndi chaka, anaona kuti manta zina zisiyana ndi zinzake pa ukulu, pa mawanga ndi pa makhalidwe. Ndipo mu 2009, pamodzi ndi Leonard Compagno ndi Michael Bennett, analemba kuti mitunduyo ndi iwiri. Wina ndiwo wa manta yaikulu yoyenda pakati pa nyanja, imene ifika mamita 7 kuchokera kunsonga ya phiko limodzi kufikira kunsonga ya linzake. Winawo ndi wa manta yocheperapo, yokonda kukhala pafupi ndi gombe pa matanthwe a korali, imene kawirikawiri itambasuka mamita 3 kapena 4, ndiwo mapazi 10 kufikira 13. Imeneyi ndiyo tinena lero. M'mabuku a ophunzira itchedwa Mobula alfredi, pokumbukira Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria. Anaipatsa dzinali ndi Gerard Krefft wa ku Sydney mu 1868, ndipo pambuyo pake linasiya kugwiritsidwa ntchito kufikira ntchito ya ku Tofo inalidzutsa.

Sefa imene sitsekeka

Manta siima. Kuti ipume, madzi ayenera kulowa m'kamwa mwake ndi kutulukira m'makha, ndiwo malo amene nsomba ipumira. Chifukwa chake isambira usana ndi usiku, kuyambira tsiku lobadwa kufikira tsiku la kufa. Kunsi kwa mutu wake kuli mipata isanu mbali iyi ndi isanu mbali inayo, ndipo m'kati mwa mipatayo muli timizere tambirimbiri tonga nthenga, toikidwa mothithikana. Imeneyo ndiyo sefa yake. Ikafika pamene pali chakudya, itambasula zipsepse za kumutu zija, nizikhala ngati manja awiri okankhira madzi kukamwa. Itsegula pakamwa pake potambalala, nisambira chamtsogolo. Madzi atuluka, tizilombo titsala, ndipo imeza. Tizilomboto ndi tinkhanu tosaoneka bwino ndi maso, ana a nkhanu ongoswedwa kumene, mazira a nsomba ndi tina totero, toyandama m'madzi ndi kutengeka kulikonse kumene madziwo apita.

Amayi onse adziwa kuti sefa itsekeka. Posefa ufa muyenera kuigogoda kawirikawiri ndi kutaya misere, apo ayi ntchito iima. Nanga manta, imene isefa madzi maola ambiri osaima, igogoda bwanji sefa yake? Mu 2018 ophunzira atatu a ku America anapeza yankho. Tizilombo tija sitikakamira pa sefa konse. Madzi pofika pa timizere tija akhota mwadzidzidzi natulukira kunja, koma tizilomboto tilephera kukhota msanga chotero. Tigunda m'mphepete mwa timizereto, nitidumpha kubwerera pakati, kulunjika kummero. Motero ngakhale tizilombo tochepa kuposa mabowo a sefayo tigwidwabe, ndipo sefa ikhala yoyera. Akatswiri opanga zosefera madzi ayamba kale kutsanzira nzeru imeneyi.

Koma kusambira pakamwa pali yasa ndi ntchito yolemetsa, monga kukoka dengu lotseguka m'madzi. Pa chilumba cha Lady Elliot ku Australia anayesa madzi m'malo amene manta zinali kudya ndi m'malo amene zinali kungodutsa, ndipo mu 2016 analemba kuti manta siyamba kudya kufikira tizilombo titachuluka kufika pa muyeso wina. Tikachepa, itseka pakamwa nipitirira. Sitiinena ulesi pamenepa. Ndani wa ife angayende wapansi kuchokera ku Chinyonga kukafika ku Lunzu kuti akatole mtedza umodzi? Nsomba yaikulu chotere, yodya tinthu tating'ono chotere, iyenera kudziwa malo ndi nthawi imene tinthuto tisonkhana pamodzi, ndipo iyenera kubwerako kawirikawiri.

Chimene chisonkhanitsa tizilomboto sichachilendo kwa anthu a kunyanja kwathu. M'miyezi yozizira, mwera ukaomba masiku ambiri, ukankhira madzi apamwamba kumpoto, ndipo kumwera kwa nyanja, cha ku Mangochi, madzi ozizira apansi akwera atanyamula chonde chimene chinagona pansipo. Chondecho chimeretsa ndere zosaoneka ndi maso, ndere zidyetsa tizilombo, tizilombo tidyetsa usipa ndi utaka. Ndicho chifukwa chake mbali imeneyo ya nyanja ili ndi nsomba zambiri. Ku nyanja ya mchere zichitika chimodzimodzi, koma kumeneko kuli chinanso chimene ife tilibe: madzi akwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku potsata mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukapita kumdima akwera ndi mphamvu yoposa. Madzi othamangawo akapanikizika pakati pa zilumba kapena akagunda thanthwe, tizilombo tiunjikana pamalo amodzi, ndipo manta zifika. Pakati pa Mozambique ndi chilumba cha Madagascar madzi ayenda chozungulira kunka kumwera, nakweza chonde cha pansi m'mbali mwa gombe la Inhambane. Ichi ndicho chinachititsa Tofo kukhala mudzi wa manta.

Madyedwe ake

Guy Stevens, amene anayambitsa bungwe la Manta Trust, anawerenga njira 8 zimene manta zidyera. Sititchula zonse. Yodziwika ndiyo kusambira molunjika mtunda pang'ono, kutembenuka, ndi kubwereranso pomwepo monga mlimi potsata mzere. Tizilombo tikaunjikana pa kamalo kochepa, manta ipidiguka chagada nizungulira pomwepo ngati gudumu, kawiri, kasanu, ngakhale kakhumi, osachoka pa chakudyacho. Tikabisala pamchenga, itsikira pansi nitsetsereka zipsepse za kumutu zili pafupi ndi mchengawo, ndipo zina zioneka ndi zipsera chifukwa cha kukhulika kumeneko. Nthawi zina zindandalika mutu kumchira, iliyonse pamwamba pang'ono pa inzake ya patsogolo, kuti tizilombo tothawa pakamwa pa yoyamba tigwere m'kamwa mwa yachiwiri. Ndipo zilipo zazing'ono, makamaka zamphongo, zimene zikwera pamsana pa yaikazi yaikulu ndi kukupiza mapiko pamodzi nayo, ngati mwana wobelekedwa.

Koma njira yodabwitsa koposa ioneka ku zilumba za Maldives, kumwera chakumadzulo kwa India, pa kagombe kotchedwa Hanifaru. Kuyambira mwezi wa May kufikira November mphepo ya kumeneko pamodzi ndi kukwera kwa madzi zikankhira tizilombo m'kagombeko, ndipo popeza kali ngati thumba, sitipeza potulukira. Pamenepo manta zoposa 100 zitha kusonkhana tsiku limodzi. Mzere uja wa mutu kumchira utalika kufikira yoyamba ipeza mchira wa yotsiriza, ndipo zonse ziyamba kuzungulira pamodzi kuyambira pamwamba kufikira pansi, ngati kamvuluvulu wa mwezi wa October pabwalo la mpira. Kuzungulirako kukokera tizilombo pakati, ndipo iliyonse idya podutsa. Boma la Maldives linateteza malowa mu 2009, ndipo alendo aloledwa kusambira pamwamba pokha, osamira ndi mabotolo a mpweya. M'zilumba zimenezi azindikiramo manta zoposa 5,000, chiwerengero chachikulu kuposa cha malo ena onse odziwika.

Usiku nkhani isintha. Tizilombo tambiri tikhala pansi pakuya usana kuopa odya, ndipo tikwera dzuwa likalowa. Manta zichoka kugombe kukatichingamira. Ophunzira anamangirira timakina pamsana pa manta zina kuti adziwe kumene zipita, napeza kuti za ku Red Sea zinatsika mamita oposa 400, ndipo ina ya ku New Caledonia inafika mamita 672. Nsomba imene alendo aiona masana ikuyandama mwaulesi pa madzi osaya, usiku ili kumdima wozizira kumene munthu sangafike.

Amene munagonako ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay mudziwa nyali za asodzi a usipa, zondandalika panyanja usiku wopanda mwezi ngati mudzi woyandama. Ku chilumba cha Hawaii, pa gombe la Kona, nzeru yomweyo inatulukira mwangozi. Hotela ina inkawalitsa magetsi ake panyanja kuti alendo aone mafunde; kuwalako kunakoka tizilombo, ndipo manta zinaphunzira kubwera madzulo kudzadya. Lero eni mabwato a kumeneko atsitsa nyali m'madzi, alendo nakhala pansi kapena nayandama pamwamba, ndipo manta zipidiguka pakati pa kuwalako, kudutsa pafupi ndi nkhope zawo.

Posambitsira

Ku Tofo alendo ambiri saona manta zikudya, koma zikusambitsidwa. Pa matanthwe ena a pansi pa nyanja, monga limene litchedwa Manta Reef, kuya kwake mamita oposa 20, pakhala tinsomba timene chakudya chake ndicho nsabwe za pakhungu la nsomba zazikulu. Manta ifika pamenepo, nichepetsa liwiro, nizungulira pang'onopang'ono pamwamba pa thanthwe, pakamwa ndi makha zili zotsegula. Tinsombato tilowa m'kamwa momwe ndi m'makha, nititola nsabwe ndi zotsalira za chakudya, ndipo palibe kamodzi kamene kamezedwa. Manta zina zidikira nthawi yawo pambuyo, monga anthu pa mjigo. Imodzi itha kukhala pamenepo maola angapo, ndipo ibwera pa thanthwe lomwelo chaka ndi chaka.

Musayese kuti izi ndi za ku nyanja ya mchere kokha. M'nyanja yathu muli kansomba ka mtundu wa mbuna, ka mizere yachikasu ndi yakuda ngati mavu, kamene katola nsabwe pa thupi la kampango, ndipo kampango akaleka osakadya. Koma kathu aka kali ndi mtima wakuba: kampango akaikira mazira, iko kasintha mtundu nikada, kuti kasazindikirike, nikaba mazirawo.

Manta za ku Mozambique zili ndi chifukwa china chobwerera posambitsira. Andrea Marshall ndi Michael Bennett analemba mu 2010 kuti pa manta 100 zilizonse zimene anazizindikira kumeneko, 76 zinali ndi mabala kapena zipsera za kulumidwa ndi shaki, makamaka kumbuyo kwa mapiko. Pali kansomba kena kachikasu kamene ntchito yake ndi kudya mnofu wakufa m'mphepete mwa balalo, ndipo mabala aakulu ndithu apola.

Apa mwaona tsono chifukwa chake manta ili yosavuta kuiona kwa iye wodziwa malo. Ndipo eni mabwato abwino aphunzitsa alendo awo mwambo wake: musaithamangitse, musaitsekere njira, khalani pansi pambali pa thanthwe pa mtunda wa mamita 3 kapena kuposa, ndipo musaikhudze, pakuti dzanja lichotsa utelezi wa pakhungu umene uiteteza ku matenda. Munthu akakhala chete, kawirikawiri manta yokha ibwera kudzamuyang'ana. Ili ndi ubongo waukulu kuposa wa nsomba zina zonse zimene zinayesedwa, ndipo omira m'madzi ambiri anena kuti diso lake likutsata monga lichitira diso la galu kapena la ng'ombe yakuzolowera.

Kuwerenga zotsala

Kumimba kwa manta ndi koyera, kokhala ndi mawanga akuda, ndipo palibe ziwiri zofanana mawanga, monga palibe anthu awiri ofanana chidindo cha chala. Mawangawo sasintha moyo wake wonse. Chotero womira m'madzi akajambula mimba ya manta, ophunzira ayerekeza chithunzicho ndi zimene ali nazo kale, nadziwa ngati ndi yachilendo kapena yakale, ndi kumene inaonekapo. Bungwe la Marine Megafauna Foundation, limene Andrea Marshall ndi Simon Pierce anayambitsa ku Tofo mu 2009, lasunga zithunzi zotere ndi kulemba manta zooneka pa ulendo uliwonse wa pansi pa madzi.

Zimene kaundulayo aonetsa ndi zomvetsa chisoni. Pakati pa 2003 ndi 2011 kuoneka kwa manta za pa matanthwe ku Tofo kunatsika ndi 88 pa 100. Atawerenganso kufikira 2023, anapeza kuti kunatsika ndi 99 pa 100. Kumene mlendo wa mu 2003 ankaona manta zingapo pa ulendo umodzi, wa lero atha kumira masiku ambiri osaona ndi imodzi yomwe ya mtundu umenewu. Sikuti zonse zosowazo zinafa. Zina zioneka pa matanthwe ena, monga ku Závora, kumwera kwa Tofo, kumene zisonkhanabe m'miyezi yozizira. Komabe kutsika kotereku sikungachokere pa kusamuka kokha, ndipo ophunzirawo aloza chala makamaka pa usodzi.

Khalidwe lomwe lija lokondweretsa alendo ndilo liipereka kwa msodzi. Nsomba imene ibwera pa thanthwe lodziwika, pa mwezi wodziwika, niyandama pamwamba osaopa bwato, ndi yosavuta kuilasa ndi mkondo. Zina zikodwa m'matchera otchera nsomba zina. Ndipo popeza manta siyenda chambuyo, ndiponso siingapume itaima, ikakodwa izungulira, nidzikulunga koposa, nifa. Nyama yake si ya mtengo wapatali. Chimene chinakweza mtengo wake ndicho sefa ija: amalonda aumika makha a manta ndi kuwatumiza ku China, makamaka ku mzinda wa Guangzhou, kumene agulitsidwa ngati mankhwala oyeretsa magazi, ngakhale palibe umboni wakuti achiritsa kanthu. Chiwalo chomwe chiidyetsa ndicho chiiphetsa.

Tsono taganizani za kubala kwake. Usipa ukhala moyo ngati chaka chimodzi, nusiya mazira osawerengeka. Mukaupha wambiri chaka chino, chaka chamawa utha kubwerera. Chambo chifungatira ana ake ambiri m'kamwa. Koma manta yaikazi siyamba kubala kufikira itakwanitsa zaka 8, 10 kapena kuposa. Ikhala ndi pakati chaka chathunthu, nibala mwana mmodzi, ndipo kawirikawiri ipumula chaka chimodzi kapena zingapo isanatengenso pakati. Ku Okinawa m'dziko la Japan, kumene manta inabalira koyamba m'dziwe losungiramo nsomba mu 2007, anawerenga masiku 374, ndipo mwanayo anatuluka atakulungidwa m'mapiko ake, nawatambasula pafupifupi mamita 2. Ngakhale manta itha kukhala zaka 40, ana ake onse angawerengeke pa zala za manja awiri. Pa kubala ifanana ndi njovu koposa nsomba. Mudzi umodzi wa asodzi ukamapha makumi angapo pa chaka, zobadwa sizingakwanire kulowa m'malo mwa zakufa.

Ife a ku Malawi tilibe chifukwa chodzikweza pa anzathu a ku Inhambane. M'zaka za m'ma 1980 nyanja ya Malombe inkatulutsa chambo matani zikwi zingapo pa chaka. Pofika m'ma 1990 chinatsala matani mazana ochepa, chifukwa makoka a maso aang'ono anakokolola ana pamodzi ndi udzu wa pansi umene chambo chinkaswerana. Ndicho chifukwa china chimene mabanja ambiri a ku Bangwe ndi ku Zingwangwa aonera chambo pa Khirisimasi pokha. Ndipo msodzi wa ku Malombe sanali munthu woipa, monganso msodzi wa ku Tofo sali woipa; onse awiri anali ndi ana ofuna nsima ndi fizi. Ngati nsomba yobala ana ambiri monga chambo inatha chotero, nanga ya mwana mmodzi?

Maiko achitapo kanthu, ngakhale mochedwa. Mu 2013, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Bangkok, manta zinaikidwa m'gulu la zamoyo zimene malonda ake pakati pa maiko ayenera kuyang'aniridwa. Indonesia inaletsa kupha manta m'madzi ake onse mu 2014. Ku Mozambique lamulo latsopano la usodzi wa m'nyanja ya mchere linayamba kugwira ntchito mu January 2021, ndipo liletsa kugwira manta za mitundu yonse. Chimene chinathandiza kukopa boma ndi ndalama: mu 2016 anawerengera kuti alendo obwera kudzaona manta ankabweretsa madola a ku America okwana 34 miliyoni pa chaka m'chigawo cha Inhambane. Manta yophedwa igulitsidwa kamodzi, yamoyo ionedwa zaka makumi.

Koma ife tikayika pang'ono mawerengedwe otere, pakuti madolawo alowa m'thumba la mwini hotela ndi mwini bwato, pamene msodzi woletsedwayo abwerera kunyumba chimanjamanja. Lamulo lolembedwa ku Maputo silifika lokha pa gombe lalitali chotero. Pano tikumbukira chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mfumu ndi anthu ake atseka usodzi m'miyezi ya dzinja, natsegula pa mwambo mvula ikatha. Ndipo lamulolo lasungika kufikira lero chifukwa ndi la eni ake, ndipo phindu lake aliona okha m'maukonde mwawo. Ku Inhambane nako midzi ina ya asodzi yayamba kupatula mbali za nyanja zosasodzamo, ndipo achinyamata ena a m'midzimo aphunzira kumira ndi kutsogolera alendo. Mwana wa msodzi akamadya chifukwa cha manta yamoyo, atate ake sadzafuna wapolisi wowaletsa kuilasa.

Tibwerere kwa ana athu a ku Chinyonga. Bambo awo sanawanamize. Kumwera kwa Durban, moyang'anana ndi tauni ya Umkomaas, kuli thanthwe la Aliwal Shoal kumene manta zioneka nthawi zina, ndipo kumpoto, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli Sodwana Bay kumene zionekanso. Poyerekeza mawanga a kumimba, ophunzira apeza kuti manta zina zojambulidwa ku Sodwana ndi zomwezo zinajambulidwa kale m'chigawo cha Inhambane, mtunda wa makilomita mazana angapo. Zidutsa malire popanda chiphaso, ndipo lamulo la dziko limodzi silikwanira kuziteteza. Kotero nsomba ya m'chithunzi chija itha kukhala imodzi ya zija zinasowa ku Tofo.

Tinachiyang'anitsitsa chithunzicho pamodzi ndi anawo, koma wojambula anali pamwamba, ndipo chioneka ndi msana wokha. Wamkulu uja walembera kale bambo ake kuti, "Bambo, mlendo wina akadzamiranso ndi kamera, mum'pemphe ajambule kumimba." Amayi awo akuti adzakhulupirira akadzaona chachiwiricho.